Cholakwa Changa Chinadzera Kukhitchini

Ine ndaphunzitsa ana zaka zambiri m'masukulu a pulayimale kuno ku Dowa, kuyambira ku Mvera kumene ndinayambira ntchito ndili mnyamata, mpaka kuno ku Msakambewa kumene ndinapumira. Amene anadutsa m'manja mwanga akudziwa kuti sindine munthu wonyengerera. Cholakwika ndimachitcha cholakwika, mwini wake alire asalire. Mayi a kunyumba amanena kuti pakamwa pangapa ndi pamene panatisowetsa abwenzi, ndipo ine sindiwatsutsa.

Pakamwa pomwepa ndi pamene panandilowetsa mu ntchito imene ndikufuna kusimba. Kalabu yathu ya alimi inayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu ina ya pafoni yolembamo za kumunda: tsiku limene mvula yagwa, tsiku lobzala, mtundu wa mbewu, ndi matumba amene munthu wakolola. Zikaunjikana zaka zingapo, mlimi amayamba kuona yekha chimene munda wake ukufuna. Pulogalamuyo inali yabwino ndithu, koma Chichewa chake, mayo ine. Chinkamveka ngati munthu akulankhula chimanga chokazinga chili m'kamwa. Ndinapsa mtima, ndipo mlangizi wathu wa zaulimi atandisonyeza pamene anthu amalemba madandaulo, ndinalemba kalata yaitali yowakalipira eni ake.

Yankho lawo linanditseka pakamwa. Anati pulogalamuyi ilibe mwini mmodzi. Amaipanga ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, zonse za m'kati mwake zili poyera, ndipo aliyense amene waona cholakwika ali ndi ufulu wochikonza. Ndinaona kuti ili ngati mjigo wa m'mudzi: tonse timatungapo, ndipo ukawonongeka palibe bwana wokamudandaulira. Mwaulemu wawo ankandiuza kuti ngati Chichewacho chandinyansa, ndichikonze ndekha. Ndinachikonzadi, poyamba ndi mkwiyo, kenako ndi chikondi. Ndinalemba masamba onse a malangizo m'Chichewa, ndipo patapita zaka zingapo anthu amene amayang'anira ntchito yonseyo anandipatsa chimene iwo amati makiyi, kutanthauza mphamvu yovomera kapena kukana chilichonse cholembedwa pa masamba a Chichewawo.

Ntchitoyi ili ndi mwambo wake, ndipo ndiyenera kuufotokoza. Pa intaneti pali malo amene ine ndimawatcha bwalo, pamene aliyense amene wapeza cholakwika amachilemba poyera, dzina lake lili pomwepo. Palinso kaundula amene amasunga chilichonse chimene chasinthidwa, amene wasintha, tsiku lake, ndi chifukwa chake. Anthu amene sanaonanepo ndi maso amakhulupirirana chifukwa cha ziwirizi basi. Munthu sadziwika ndi msinkhu kapena maphunziro ake, amadziwika ndi zimene bwalo ndi kaundula zikunena za iye.

Kenako maso anga anayamba kundikana. Inali ng'ala. Ndinkakulitsa zilembo mpaka mawu anayi okha ankadzaza galasi lonse la kompyuta. Chimene chinkandisowetsa mtendere silinali khungu ayi, koma lamulo lakuti masamba a chinenero chimene chilibe woyang'anira amachotsedwa, chifukwa pulogalamu imasintha ndipo malangizo akale amasocheretsa anthu. Ndikanasiya popanda wolowa m'malo, Chichewa chikanatuluka, alimi athu n'kutsala ndi Chingerezi chimene ambiri sachimva. Ana anga ali kutauni, ndipo ndikayamba kuwauza za masamba anga amayasamula. Ndinkafuna munthu woti ndimusiyire makiyi.

Munthuyo anabwera kudzera mu kope la sukulu. Mlangizi uja anandibweretsera masamba atatu olembedwa pamanja ndi mtsikana wa kumapiri a ku Ntchisi, mlembi wa kalabu ya amayi olima mtedza ndi soya, imene wapampando wake anali mayi ake. Anali atalemba mmene munthu angagwiritsire ntchito pulogalamuyi kumalo kopanda netiweki, poti kwawoko netiweki imapezeka pamwamba pa phiri limodzi lokha. Theka la tsamba loyamba linali malonje ndi kupepesa, ndipo mfundo zake zinali zopanda mutu ndi mchira. Koma mwanayo ankaona zinthu. Anali atalemba ngakhale zoti padzuwa la masana galasi la foni silioneka, ndiye munthu aime kaye pamthunzi wa chigafa asanayambe kudina. Zimenezo ine zaka zonsezo sizinandibwerere m'mutu. Ndinamuitanitsa.

Anabwera Loweruka lina, theka la ulendo pa kabaza, theka wapansi. Anali atangomaliza sekondale, wamtali, wowonda, wolankhulira pansi. Anagwada pakhonde, maso pansi, ndipo ankayankha mafunso anga motsitsa mawu moti ndinamuuza kuti akweze, ine sindine sing'anga woti ndizilota zimene akunena. Mayi a kunyumba anandiponyera diso lija londiuza kuti ndayambapo. Koma mtsikanayo sanathawe. Anabweranso patatha sabata ziwiri, ndipo zinakhala choncho chaka chathunthu.

Tinkakhala pakhonde, kompyuta yanga yakale ili patebulo, iye akulemba ine ndikung'ung'udza. Ndinamuuza kuti azilembera mayi amene waima m'munda, manja ali matope, mwana ali kumbuyo, osati kulembera wochonga mayeso. Mzere umodzi, chochita chimodzi. Malonje aziwasiya kunyumba. Ndinkamubwezera tsamba limodzi kanayi, kasanu, ndipo iye ankangoti zikomo aphunzitsi n'kukalembanso.

Njira ina anaitulukira yekha. Akamaliza tsamba ankanyamula foni kupita nayo kukhitchini, n'kuwawerengera mayi a kunyumba mokweza kuti iwo azidina. Mayiwo sukulu anasiyira panjira, ndipo foni amaigwira ngati dzira. Akakakamira pamzere wina, mtsikanayo sankawafotokozera ndi pakamwa, ankabwerera patebulo kukalembanso mzerewo mpaka mayiwo adutse okha. Poyamba ndinkati akutaya nthawi. Pambuyo pake ndinaona kuti masamba amene adutsa kukhitchini sabwereranso ndi mafunso kuchokera kwa alimi, pamene anga ankabwerera. Sindinamuuze. Ndinkangomva awiriwo akuseka kuseri, ndipo ndinkakondwa mumtima ngati munthu amene wapeza mwana wina pa ukalamba.

Malamulo anga akulu anali awiri, ndipo ndinkawabwereza mpaka kutopetsa. Loyamba linali lakuti asalembe za batani limene sanalidine ndi chala chake. Lachiwiri linali lakuti cholakwika chilichonse chipite pabwalo, m'dzina lake, kaya analakwitsayo ndi ndani. Lachiwirili ndi limene linkamuvuta. Akaona cholakwika m'zolemba za wina ankabwera kudzandinong'oneza, ine n'kumuthamangitsa kuti akalembe. Tsiku lina anandifunsa ngati lamulolo limagwira ngakhale pamene wolakwayo ali wamkulu. Ndinaseka mpaka kutsokomola.

"Kumeneko kulibe wamkulu, mwana wanga," ndinatero. "Munthu wa imvi amakonzedwa ndi mwana wa sukulu, n'kuthokoza. N'chifukwa chake ntchitoyi siwola."

Ndinanena mawu amenewo ndikudziguguda pachifuwa, ndipo ndinkawakhulupirira. Patapita miyezi analimba mtima n'kulemba pabwalo za chithunzi china chakale chimene munthu wa kunja anaiwala kusintha. Zinamutengera sabata yathunthu, ndipo ndinachita kumukakamiza kuti afufute mizere itatu ya kupepesa. Munthu uja anayankha tsiku lomwelo, kuthokoza ndi kukonza. Mtsikanayo anandisonyeza yankholo akuseka, dzanja lili pakamwa. Ndinalembera oyang'anira aja kuti wolowa m'malo ndamupeza, ndipo iwo anati adzaona zimene wachita chaka chikamatha.

Mwezi wa Okutobala chaka chimenecho kunatentha koopsa. Lachitatu lina ndinapita kumaliro kumudzi woyandikana nawo, ndipo nditabwerera masana mayi a kunyumba anandilandira. Anandipatsa chakudya, anadikira ndisambe m'manja, kenako anakhala pamphasa n'kundiuza kuti mwana uja anabwera. Ndinadabwa, poti silinali tsiku lake. Anati sanafunse za ine n'komwe. Analowa kukhitchini, anawathandiza kusankha nyemba, anacheza za kutentha ndi za chitopa chimene chinkamaliza nkhuku, ndipo pamene ankatsazika ndi pamene anatulutsa kapepala.

Kapepalako kanali kokhudza tsamba langa lofotokoza mmene mlimi amatsekera nyengo yakale ndi kutsegula yatsopano mvula isanagwe. Ine ndinalemba kuti munthu ayambe wadina batani la nyengo yatsopano, kenako atumize zolemba zake kumene zimasungidwa. Zoona zake n'zakuti ayenera kuyamba watumiza. Kumene kuli netiweki foni imatumiza yokha mwini wake osadziwa, ndiye palibe amene anavulala. Koma kumapiri kuja, kumene foni imatha miyezi osakwera phiri, kudina batanilo kumafufuta zonse zimene sizinatumizidwe. Mtsikanayo anatsatira tsamba langa mzere ndi mzere pa foni ya kalabu yawo, ndipo zolemba zonse za zimene amayi aja anakolola chaka chimenecho, munda ndi munda, zinapita. Asanabwere kwathu anabwereka foni ya wina n'kuyesa katatu, kuti atsimikize kuti wolakwa si iye. Tsamba limenelo ndinalilemba kalekale mothamanga, ndipo batanilo sindinalidine.

Manyazi akandigwira ine ndimakalipa. Ndinafunsa kuti kodi mwanayu ndamuphunzitsa chaka chonse kuti azidzera kukhitchini? Bwanji osandiuza pamaso? Mayi a kunyumba sanakweze mawu. Anati munthu wamkulu buluku likamung'ambikira kumbuyo, mwana woleredwa bwino safuula pamsika, amakauza akazi ake. Anatinso ndidzifunse ndekha kuti ndi anthu angati amene anandiuzapo cholakwa changa pamaso n'kubwererako bwino.

Chimene ndinayenera kuchita ndinkachidziwa bwino lomwe, poti ndine ndinkachiphunzitsa. Ndinayenera kumutumizira uthenga kuti alembe nkhaniyo pabwalo, ine ndivomere poyera, ndikonze, ndipo makalabu ena achenjezedwe. Koma madzulo omwewo, dzuwa lisanalowe, ndinatsegula kompyuta n'kuyamba kuganiza za dzina langa. Zaka zonsezo palibe amene anandipezapo ndi cholakwa chachikulu. Anthu a kutali ankanditcha mphunzitsi wawo wa ku Malawi. Ndinasinthanitsa mizere iwiri ija, ndipo pamalo polemba chifukwa ndinalemba kuti ndangosalaza mawu. Poti makiyi anali anga, panalibe wondifunsa. Ndinadziuza kuti mwanayo wadzera njira yachinsinsi, ndiye ndikulemekeza chifuniro chake. Linali bodza, ndipo ndinkadziwa kuti ndi bodza pamene ndinkatseka kompyutayo.

Loweruka lotsatira anabwera monga mwa masiku onse. Sanatchule nkhaniyo, inenso sindinaitchule. Ndinamukomera mtima mopitirira, ndinayamikira tsamba limene masiku ena ndikanalibweza, mpaka ndinauza mayi a kunyumba kuti amuthirire mkaka mu tiyi. Iye ankangondiyang'ana nthawi ndi nthawi, ngati akudikira kanthu. Atatsazika anaima pang'ono pachipata, kenako anapita. Anabweranso kamodzi kokha. Mvula itayamba anatumiza uthenga woti mitsinje yadzaza, ndipo zolemba zake zinasiya kubwera.

Chaka chikutha oyang'anira aja analemba maganizo awo pabwalo. Anati mtsikanayo amalemba bwino kwambiri, koma sanamuonepo akugwira cholakwika chachikulu, pamene wosunga makiyi ayenera kukhala munthu wa diso lotero. Anati adikire chaka china, ndipo ngati ine ndisiya chakacho chisanathe, masamba a Chichewa adzayamba aimitsidwa. Mmodzi wa iwo anawonjezera kuti wayang'ana mu kaundula ndipo waona kuti kusintha kwanga kwa mu Okutobala, kumene ndinakutcha kusalaza mawu, kunapulumutsa alimi ku vuto lalikulu. Anandiyamikira kuti ndine wodzichepetsa, ndiponso kuti diso langa likadali lakuthwa.

Diso lakuthwa, ine amene ndinkawerenga uthengawo mphuno ili pagalasi. Ndinawamasulira mayi a kunyumba mawu onsewo, sindikudziwa chifukwa chake, mwina ndinkafuna wina andikalipire. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kundifunsa kuti nanga ndayankha chiyani. Ndinati sindinayankhe. Ananyamula khasu lawo n'kupita kumunda.

Ndinakhala masiku asanu ndi anayi. Ndikuchita manyazi kuwatchula, koma ndi choncho. Ndinkatsegula kompyuta, kulemba mzere umodzi, kufufuta. Munthu amene watha moyo wake wonse akuchonga ena sadziwa poyambira kudzichonga yekha. Pa tsiku lakhumi ndinalemba zonse: kuti cholakwacho chinali changa, kuti ndinalemba chimene sindinachiyese, kuti kalabu ina inataya zolemba zake chifukwa cha ine, kuti anachipeza ndi mtsikanayo atayesa katatu, kuti anandiuza m'njira ya kwathu yolemekeza akulu, ndipo ine ndinabisa. Ndinapempha kuti zilembedwe m'dzina lake ndiponso kuti makalabu achenjezedwe. Oyang'anira aja anandiyankha mwachidule. Anathokoza, anaika chenjezo, ndipo anati makiyi ndi a mtsikanayo ngati awafuna. Palibe amene anandinyoza, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kunyozedwa.

Koma mtsikanayo sanayankhe. Sabata inatha, ina inatha, ndipo foni yake sinkapezeka. Ndinaganiza zopita ndekha.

Unali mwezi wa Januwale. Njinga yamoto inandisiya pamene msewu unasanduka phala, ndipo kuchokera pamenepo ndinakwera wapansi ndi ndodo, ndikufunsa njira kwa anthu amene ankasenza fodya wobiriwira kupita naye ku zigafa. Nkhungu inali itakuta mapiri, ndipo ndi maso angawa sindinkasiyanitsa pamene nkhungu yathera ndi pamene ng'ala yayambira. Ndinagwa kawiri. Ndinafika pakhomo pawo buluku lili katondo yekhayekha mpaka m'mawondo.

Anandilandira ndi mayi ake, mayi wamfupi wosasekaseka. Anandiyalira mphasa, tinalonjerana, ndipo ndinafotokoza chimene ndadzera. Kenako anandiuza chimene sindinkachidziwa. Zolemba zija zitatayika amayi a kalabu anakwiya, ndipo mtsikanayo anawauza kuti anangotsatira malangizo. Patapita masiku mwamuna wa mmodzi wa iwo, wodziwa kuwerenga, anakwera phiri n'kutsegula tsamba lija. Analipeza litalembedwa bwinobwino, kutumiza poyamba, batani pambuyo, poti ine ndinali nditakonza kale. Anatsika n'kuuza anthu kuti mwanayu ndi wosasamala, ndiponso ndi wabodza. Amayi a kalabu anamuchotsa pa ulembi mayi ake omwe atakhala pampando. Mtsikanayo akanatha kuwasonyeza kaundula, pamene pankaoneka kuti tsambalo lasinthidwa ndiponso kuti wasintha ndi ndani. Sanatero.

Ndinapempha kuti tsiku la msonkhano wa kalabu ndidzabwere ndidzanene ndekha pamaso pa amayiwo. Mayiyo anavomera ndi mutu, n'kunena kuti madzi akatayika saoleka, komabe ndidzabwere. Anafuna kutuma munthu kukamuitana mwana wawo kumunda, koma ndinakana. Ndinati ndipita komweko.

Ndinamupeza m'munda wa mtedza wotsetsereka, akupalira yekha. Atandiona anasiya khasu, anapukuta manja pa chitenje n'kugwada m'matope momwemo. Ndinamuuza kuti adzuke, koma sanadzuke, ndiye inenso ndinakhala pansi pa mzere. Ndinamuuza zonse, zimene ndinachita, zimene ndinalemba pabwalo, ndi za makiyi. Ndinati ndamulakwira, andikhululukire. Mawu amenewo ndinali ndisanawanenepo kwa mwana aliyense amene ndinamuphunzitsa.

Anati zimene ndinachita anaziona m'mawa mwake atachoka kwathu, chifukwa anakwera phiri kukayang'ana. Ndinati ndikudziwa kuti ndinamubera dzina. Anapukusa mutu.

"Za dzina sizinandiwawe, aphunzitsi. Kuno mwana akagwira nyama, wolowa nayo m'mudzi ndi wamkulu. Tinazolowera."

Ndinamufunsa kuti nanga chinamuwawa n'chiyani. Anazula kaudzu pafupi ndi bondo lake. Kenako anandiuza kuti pamene ankabwera kwathu tsiku lija, mawu okalemba pabwalo anali atawakonza kale, achidule, opanda kupepesa, monga ndinamuphunzitsira. Kukhitchini sanadzereko kuti nkhaniyo ibisike. Anadzerako kuti ine ndisakumane nayo pagulu mwadzidzidzi.

"Ndinkadikira kuti munene kuti, lemba," anatero. "Loweruka lija ndinadikira mpaka pachipata. Munandiuza kuti kumeneko kulibe wamkulu, ndipo ine ndinakhulupirira."

Sanalire, sanakweze mawu. Ndinalira ndine, munthu wa imvi, pakati pa mtedza wa eni ake. Iye anayang'ana kumbali kuti asandione, ndipo mvula itayamba kuwaza anandigwira mkono kunditsitsa pamalo poterera.

Ku msonkhano wa kalabu ndinapitadi, ndipo ndinanena zonse ndili chiimire. Amayi ena anang'ung'udza, ena anangoti zamveka. Ulembi anamubwezera. Makiyi anawalandira patapita mwezi wathunthu, ndi mzere umodzi wothokoza, ndipo masamba a Chichewa sanachotsedwe. Lero ali bwino kuposa mmene ndinawasiyira, ndipo ndikunena izi ine amene sindiyamikira wamba. Mtsikanayo ali ndi achinyamata awiri amene akuwaphunzitsa, ndipo ndimamva kuti sawakalipira.

Ulemu sanandichotsere. Tikakumana pamsika amandipatsa moni ndi manja awiri, amafunsa za mayi a kunyumba, ndipo akakolola amatitumizira mtedza. Koma chiyambire tsiku la m'munda lija sanandibweretserenso cholemba chake kuti ndichione chisanapite, ndipo sanandifunsenso maganizo pa kanthu kalikonse. Zimandiwawa, ndipo ndilibe womudandaulira.

Diso limodzi anandichita opaleshoni kuchipatala, ndipo tsopano ndimawerenganso. Miyezi ingapo yapitayo ndinapeza cholakwika chaching'ono pa tsamba lake lina, mzere umene unatsalira pamene pulogalamu inasintha. Ndinachilemba pabwalo m'dzina langa, ndipo ndivomere kuti mumtima ndinkayembekeza kuti mwina aimba foni, mwina aseka, mwina tiyambiranso. Anayankha tsiku lomwelo kuti, "Zikomo, takonza." Ndinayang'ana mayankho ake kwa anthu ena, a ku Mzimba, a ku Mulanje, a kunja amene sanawaonepo. Onse amawayankha chimodzimodzi.